Dzina la Eluby Pachiliza

Nkhani inamupeza Eluby Chimenya ali m'matope ofika m'mawondo, akuwokera mpunga wachilimwe kusikimu ya ku Domasi. Anabwera nayo ndi mwamuna wake, Lazaro, munthu amene sadziwa kupereka uthenga woipa popanda kuuthira nthabwala. Anaimika njinga m'mphepete mwa ngalande n'kuyamba kudzikupiza ndi chipewa.

"Mayi a Success, ndakuonanitu ku Songani."

"Ine ku Songani? Chifikire m'mawa ndili muno."

"Ayi, muli komweko, pashedi ya Zubair wopanga ziliza uja. Akulembani bwino zedi, zilembo zagolide. Eluby Chimenya, anabadwa chaka chakuti, anamwalira chaka chatha. Ndimati ndikulonjereni, koma ndaona kuti mwatanganidwa ndi kuusa mumtendere."

Eluby anaponya mbande m'madzi. Sanaseke, ndipo Lazaro ataona nkhope ya mkazi wake anavala chipewa chake msangamsanga.

Amene anamwalira chaka chathacho anali mng'ono wake wa Eluby, Happiness, mphunzitsi wa ku Zomba m'tauni. Tsono chimene dzina la mkulu wamoyo linkafuna pamwala wa mng'ono wakufa ndi nkhani yochokera kutali, m'masiku awiriwa ali pasukulu.

Masiku amenewo malo kusekondale anali ochepa ngati nyama ya pamaliro. Mwana akalemba mayeso a Sitandade 8 osasankhidwa ankabwereza, ndipo dziko lonse linkakhulupirira kuti osankhawo akangoona dzina lobwereza amalikankhira pambali. Kaya zinali zoona, kaya ayi, palibe anakafunsa. Makolo ochenjera ankangosintha mwana dzina n'kumutumiza kusukulu ya kutsidya kwa mtsinje kuti akaoneke watsopano. Happiness anali ndi mutu. Anamupitirira mkulu wake, amene masiku ambiri ankajomba kukaingitsa mbalame kumpunga kapena kulera ana a eni. Analemba kawiri, kukhoza kawiri, kusankhidwa osasankhidwa. Chaka chomwecho Eluby anasiya sukulu ali Sitandade 7, ali ndi pakati pa Success.

Apo mpamene amalume awo, a Jacob, mwinimbumba, anabwera ndi nzeru zawo. "Dzina la Eluby likungokhala," anatero. "Ndi loyera, silinalembepo mayeso. Abwereke Hape." Ankanena ngati akunena za khasu. Eluby anali pomwepo, akusenda chinangwa pakhonde, koma palibe anatembenuka kumufunsa.

Dzina linagwira ntchito. Eluby Chimenya anasankhidwa kupita kusekondale, Eluby Chimenya anapita kukoleji ya aphunzitsi, Eluby Chimenya anakwatiwa ndi a Eliya, kalaliki wa m'tauni, pa ukwati wa galimoto zomangidwa maliboni. Eluby weniweni zonsezi ankazimva ali ndi mwana kumsana ndi khasu m'manja. Khasu lobwereka limabwerera madzulo, koma dzina lija silinabwerere. Komabe sankadandaula mokweza. Kumudzi aliyense ankadziwa kuti Eluby ndi uyu, Hape ndi uyo, ndipo zimene anthu a ku Zomba ankaitana mphunzitsi wawo zinali za ku Zomba.

Zinavuta chaka chimene boma linalemba anthu onse zitupa za unzika. Happiness anatsika minibasi ndi chitenje chatsopano ndi paketi ya shuga, ndipo Eluby atangoona shugayo anadziwa kuti pali chimene akufuna.

"Achemwali, masatifiketi anga onse ali m'dzina lanu, ndi tsiku lanu lobadwa. Ndikalembetsa zina, ntchito yatha. Ndiye anthu awiri, mayi mmodzi, dzina limodzi, tsiku limodzi, makina akana. Inu mungolembetsa langa. Ndi kakhadi chabe, achemwali."

Akanakana bwanji? Nthawi imeneyo mwana wamng'ono wa Eluby ankakhala kwa Happiness yemweyo, kudya kwake, kuphunzira kwake. Eluby anakaima pamzere, anatchula dzina la mng'ono wake ndi tsiku lobadwa la mng'ono wake, anajambulidwa. Kakhadi kanatuluka kali ndi dzina lachisangalalo ndi nkhope ya munthu amene waberedwa mbuzi. Kuyambira pamenepo, kuchipatala, pogula feteleza wotsika mtengo, ngakhale polembetsa nambala ya foni, ankaitanidwa Happiness, ndipo nthawi zonse ankadzuka mochedwa, akung'ung'udza. Ku Zomba anachepetsa kupitako. Sanakangane ndi mng'ono wake, ayi, koma nthawi zonse mpunga unkakhala ndi chochita.

Ndiye matenda a shuga anamutenga Happiness. Maliro anabwera kwawo kuchikazi, monga mwa mwambo wa kuno, ndipo pamodzi ndi maliro panabwera basi yodzaza aphunzitsi ndi ana a sukulu. Eluby anakhala pafupi ndi bokosi tsiku lonse akumva anthu akulira dzina lake. Madamu Eluby anali mayi wa tonse. Madamu Eluby atisiya pamtetete. Mawu aliwonse akatuluka, amayi a m'mudzi ankamuyang'ana cham'mbali. Misozi imene anali nayo inabwerera, m'malo mwake munalowa mkwiyo, ndipo anachita manyazi ndi mkwiyowo. Chimene chinamutonthoza ndi chakuti adzukulu, anyamata okumba manda, sadziwa za masatifiketi. Pamtanda wathabwa analembapo ndi penti kuti Happiness.

Zovuta zitatha, anavala bwino n'kupita ku ofesi ya zitupa kukatenga dzina lake, poti wobwereka anali atamaliza nalo. Mtsikana wa pakompyuta anali waulemu, ndipo ulemuwo ndi umene unkapweteka kwambiri.

"Eluby Chimenya anamwalira, mayi. Tinatseka."

"Eluby ndine, ndili pano. Mukundiona?"

"Ndikukuonani, mayi. Koma zala zanu zikuti ndinu a Happiness."

Anamufotokozera kuti njira ilipo, yokalumbira kukhoti, koma akatero ndiye kuti mapepala onse a malemu ayamba kufunsidwa, ndi a ana awo omwe. Eluby anaganiza za ana amasiyewo, anamanga chitupa chake pamfundo ya chitenje, anakwera minibasi kubwerera. Anadziuza kuti boma likhale ndi mapepala ake. Bola kumudzi, pamjigo, kutchalitchi, akadali Eluby. Chotsala chinali chokhacho, ndipo tsopano nacho ankafuna kukachiimika kumanda.

Tsiku lomwe Lazaro anabweretsa nkhaniyo, Eluby anangotsuka miyendo mungalande n'kukwera kabaza wa ku Songani. Shedi ya Zubair inali kuseri kwa ogulitsa matabwa, yodzaza fumbi la simenti. Mwala unalipo, wakuda, wosalala, utatsamira khoma pakati pa miyala ya anthu ena akufa. Eluby anasiya sukulu ali Sitandade 7, koma dzina lake ankaliwerenga bwino lomwe. Tsiku lobadwa linali lake, lenileni, limene amayi ake anamubala.

"Achimwene, mwala uwu mwalemba ndinu?"

"Ndine, mayi. Mwaukonda? Tikhoza kukupangirani wotere."

"Mwandipangira kale. Eluby Chimenya ndine."

Zubair anavula magalasi ake ogwirira ntchito. Anayang'ana mayiyo, anayang'ana mwala, ananena kanthu m'Chiyao chapansipansi.

"Pepani, mayi. Koma ine ndimalemba zimene wandipatsa mwini ntchito. Anabwera bambo wa ku Zomba, wa tayi. Akandiuza iyeyo kuti sintha, ndisintha. Ndikamvera aliyense wodutsa pano, ndingafufute manda a Songani yonse."

Eluby anaimba foni ali pomwepo. A Eliya anayankha ndi mawu awo ofatsa aja, a munthu amene moyo wake wonse wakhala akuuza anthu kuti abwere mawa.

"Alamu, ndikumvetsa. Koma ana amadziwa kuti mayi awo ndi Eluby. Aphunzitsi anzawo amene athandiza chilizachi amadziwa Eluby. Kalata ya imfa ikuti Eluby. Ndilembe chiyani ine?"

"Mulembe dzina limene anabadwa nalo."

"Alamu, ndi mwala chabe."

Kakhadi chabe, mwala chabe. Eluby anadula foni asanatukwane. Anthu a ku Zomba chinthu chikakhala cha mwini amachitcha chabe.

Anapita kwa a Jacob. Amalume tsopano anali okalamba, ndipo makutu awo ankasankha zomva. Anawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka nsapato imene inayenera kutayidwa kalekale.

"Amalume, munabwereketsa dzina langa ndinu. Kaliitanitseni."

"Ati chiyani?"

"Dzina langa! Akuliika pachiliza!"

"Aaa, mwana wa mlongo wanga, mwala unaphapo munthu? A Eliya alowetsapo zambiri pamenepa. Mkamwini wotere sapezekapezeka. Tisamukhumudwitse." Anabaya nsapato ndi zingano. "Komanso dzinalo linapita kutali chifukwa cha Hape. Likanakhala ndi iwe likanafika kuti?"

Mawu amenewo anamulowa ngati munga wa m'chidendene. Anachoka osatsanzika, chinthu chimene sanachitepo kwa amalume ake chibadwire.

Masabata otsatira anali owawa. Nkhani inali itafika pamjigo, ndipo amayi a pamjigo sasunga chifundo nthawi yaitali. Wina ankati, "Apatseni malo malemu atunge." Wina ankafunsa ngati kumeneko mpunga ukubereka. Eluby ankayankha, pakamwa anali napo, koma pobwerera ndowa inkalemera kuposa masiku onse. Mutu ukangomupweteka pang'ono ankaganiza za mwala uja. Iye anali wa Mvano, wovala yunifolomu yoyera Lachinayi lililonse, ndipo ankadziwa kuti Mkhristu sayenera kuopa zilembo. Koma ankadziwanso kuti adzadutsa panjira ya kumandako popita kusikimu tsiku lililonse mpaka imfa yeniyeni, ndipo zidzukulu zake zidzaphunzira kuwerenga n'kupeza agogo awo ali m'nkhalango.

Lazaro anayesa kumunyengerera. "Tangozisiyani, mayi a Success. Mwina zitipindulira. Tsiku lanu likadzafika tidzangoti chiliza chilipo kale."

"Bambo a Success, mukapitiriza, chanu ndicho chiyambe kumangidwa."

Kunena zoona, mwa Eluby munali anthu awiri. Panali mayi wa Mvano, wodziwa kugwada, wodziwa kuti mlamu wofedwa salimbana naye. Ndiye mkati mwenimweni munali kamtsikana kaja kosenda chinangwa pakhonde, kamene sikanafunsidwe. Kameneko sikankadziwa ulemu, sikankadziwa Baibulo, sikankamva za ana amasiye. Kankangokuwa kuti changa, changa, ndipatseni changa. Zaka zonsezi mayi wa Mvano ankakatseka pakamwa, koma tsopano dzanja linali litatopa.

Tsiku lomanga chiliza linafika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Amfumu anali atapereka chilolezo cholowera kumanda. A Eliya anafika m'mawa ndi pikapu yonyamula simenti, njerwa, ndi mwala uja utakulungidwa m'masaka kuti usaoneke mpaka tsiku lovundukula. Mwambo wake ngwodziwika: amuna ndi adzukulu amalowa kukagwira ntchito, amayi amatunga madzi n'kumatula m'mphepete mwa nkhalango, osapitirira. Eluby anasenza ndowa yake ngati anzake onse. Atafika potulira sanatule. Anapitirira, madzi akukhavukira pamapewa, amayi anzake akumuitana monong'ona kumbuyo. Anadutsa manda a amayi ake, anafika pamtumbira wa mng'ono wake, anatula ndowa, n'kukhala pansi pamwamba pa mtumbirawo atatambasula miyendo.

Mafosholo anaima.

"Eluby! Wapenga?" anakuwa a Jacob, amene makutu awo ndi maso omwe anali atachira mwadzidzidzi.

"Sindinapenge, amalume. Ndabwera pamalo panga. Poti mukumanga chiliza changa, mangani ndili pomwepa, musavutike kawiri."

Sanasunthe. Mkulu wa adzukulu, bambo wotsimphina amene anakumbira manda theka la mudziwo, anabwera pang'onopang'ono atatsamira fosholo.

"Mayi, mukudziwa kuti kuno simulowa chonchi. Mlandu wake ndi nkhuku."

"Nkhuku ndipereka, ngakhale ziwiri. Koma tamasulani masakawo muwerenge."

Mkuluyo anayang'ana a Eliya, a Eliya anayang'ana pansi. Anamasula chingwe, anafunyulula saka, anawerenga ndi chala, chilembo chimodzichimodzi. Atamaliza anabwezera saka bwinobwino ngati akufunditsa wodwala.

"Bambo, ife dzenje ili tinakumbira Happiness. Mayi akhala apawa sitinawakumbire. Chiliza cha munthu amene akutitungira madzi sitimanga, ndipo muno simulowa mmisiri wina kudzamanga. Mawa akadzagwa ndi malungo, anthu adzati adzukulu ndi amene anamuitana."

Kumanda mawu a adzukulu ndi omaliza. Ngakhale amfumu amawapempha. Anyamata anayamba kutsuka mafosholo m'madzi omwe aja a Eluby, ndipo a Jacob anapezeka kuti akuyang'ana mbalame m'mitengo.

A Eliya anatuluka m'nkhalango n'kukaima pafupi ndi pikapu. Eluby anawatsatira, akukutumula dothi pachitenje, atakonzeka kumenyana ndi mawu. Koma bamboyo atatembenuka, maso anali ofiira, ndipo tayi uja anali atamumasula.

"Mwapambana, alamu. Tisintha."

Eluby anasiya kukutumula chitenje.

"Ine ndinafunsira Eluby," anapitiriza a Eliya. "Ndinakwatira Eluby. M'nyumba, m'chipatala, mpaka tsiku lomaliza, ndinkaitana Eluby. Tsopano ndizibwera kuno kudzalambula manda a dzina limene sindinalitchulepo." Anapukuta kumaso ndi mpango. "Nayenso ankalisowa, mukudziwa? Ankati dzina lake limamveka mukabwera inu basi. Mukangolowa pageti n'kukuwa kuti Hape, tsiku limenelo ankadya bwino. Miyezi yomalizira ija ankafunsa kuti kodi mpunga wa achemwali sunathebe."

Eluby anayang'ana kuphiri. Kamtsikana ka mkati kaja, kamene kanakuwa mwezi wathunthu, kanakhala chete pang'ono. Koma kanali kasanakhute.

"Tiyeni ku Songani," anatero. "Lero lomwe."

Anapita atatu, a Jacob atakhala kumbuyo kwa pikapu atagwirizira mwala. Zubair atawaona akutsitsa sanadabwe. Anaugogoda, anauzunguza, n'kunena kuti njira yachidule ilipo.

"Tingoutembenuza. Kumbuyoku ndisalaza, ndilembe dzina latsopano. Zakalezi ziyang'ana mkati, zimatidwa ndi simenti, palibe adzaone."

"Ndiyang'ane mkati?" Eluby anatsala pang'ono kulumpha. "Chafufumimba pamwamba pa bokosi? Achimwene, fufutani. Ndione ndi maso angawa."

Zubair anavala magalasi ake, analumikiza galainda, n'kuyamba. Phokoso lake linaitana ogulitsa matabwa ndi a kabaza kudzaonerera. Eluby anaima pafupi kuposa onse. Anaona E akupita, L akupita, golide akusanduka utsi. Fumbi lakuda linamugwera kumapazi ndi pachitenje, ndipo sanalisase. Tsiku lomwalira lokha ndi limene linatsala m'munsi. Mtima wake unamva kukoma kumene sunamvepo chiyambire, kukoma kwa munthu amene wabwezeredwa mbuzi yake yobedwa, ingakhale yowonda. Akanakhala yekha akanaimba nthungululu.

Zubair anazimitsa makina, anapukuta mwala ndi chiguduli chonyowa, anatenga choko.

"Tsopano ndiuzeni. Happiness wake wa P mmodzi kapena awiri? Anthu amalemba mosiyana, ndipo mwala ulibe labala. Komanso tsiku lobadwa."

A Eliya anatsegula pakamwa n'kutchula tsiku limene ankagulira mkazi wawo keke chaka chilichonse.

"Limenelo ndi langa," anatero Eluby.

A Eliya anatseka pakamwa. Zaka zonse za ukwati wawo, tsiku lenileni limene mkazi wawo anabadwa sankalidziwa. Onse anatembenukira kwa a Jacob.

"Hape? Anabadwa chaka chimene ndinagula wailesi yanga yoyamba. Kunali mvula."

"Wailesi sindingailembe, bambo," anatero Zubair. "Palibe pepala lililonse? Khadi ya sikelo, ya ubatizo?"

Makhadi amenewo anadyedwa ndi chiswe amayi awo ali moyo. Eluby anapsa mtima ndi amuna atatu oimirira ngati mitengo, osadziwa kanthu kakang'ono ngati kameneka. Iye ankalidziwa tsikulo, analiloweza pamzere wa zitupa, analitchula kuchipatala kosawerengeka. Ndipo za P mmodzi kapena awiri, yankho linali m'chiuno mwake momwemo. Anamasula mfundo ya chitenje, anatulutsa chitupa, anapatsira Zubair.

"Koperani apa. Zonse zili pomwepo."

Zubair analandira, anayamba kukopera ndi choko. H, A, P, P. Atafika pakati anaima. Anayang'ana chithunzi cha pakakhadi, nkhope ija ya munthu woberedwa mbuzi, anakweza maso kuyang'ana mayi amene anaima patsogolo pake.

"Mayi, chitupachi ndi chanu?"

"Ndi changa."

"Ndiye ndikukopera chitupa chanu pachiliza?"

Wa kabaza wina anayamba kuseka, mnzake anamugunda ndi chigongono. Eluby anayang'ana zilembo zoyera za choko pamwala wakuda, anayang'ana kakhadi m'dzanja la Zubair, ndipo zinali zofanana ngati mapasa. Mwezi wonse wolimbana uja, nkhuku ya adzukulu, misozi ya a Eliya, sanaganizepo za zimenezi ngakhale kamodzi. Anadzichotsa pamwala ndi dzina la pakamwa n'kudzibwezerapo ndi dzina la boma. Ku ofesi Eluby anali wakufa, kumanda Happiness akhala wakufa, ndipo iye anali ataima pakati, fumbi la dzina lake lili kumapazi.

Anafuna kukuwa, koma akuwire ndani? A Jacob anali atabwerera ku ugonthi wawo. A Eliya sananene kanthu, ndipo kusanena kwawoko kunali kwaulemu kuposa mmene iye anawachitira m'mawa.

"Ndipitirize?" anafunsa Zubair.

Eluby anayang'ananso mwala. Amene anagona m'dothi lija anali Hape, ndipo Hape anali atadikira dzina lake nthawi yaitali kuposa iye.

"Pitirizani. P awiri."

Chiliza chinavundukulidwa Loweruka lotsatira. Abusa anapemphera, a Mvano anaimba, ana a malemu anawerenga dzina la mayi awo pang'onopang'ono ngati akuphunzira chilankhulo china. Mudzi wonse unalipo, ndipo aliyense anavomereza kuti zilembo zinatuluka bwino. Eluby anaimba nawo, maso ali ouma. Lazaro, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, anali ndi nthabwala yokonzeka koma anaimeza.

Mvula itayandikira, kunabwera uthenga woti feteleza wotsika mtengo wafika kudepoti. Anthu a mudzi wonse analawirira, anapereka zitupa zawo kwa kalaliki, n'kukhala pansi pa mitengo kudikira kuitanidwa. Kunali kotentha, ana akulira, amayi a pamjigo aja akukambirana za mbewu. Eluby anakhala pambali atafunda chitenje kumutu, akuwerengera m'mutu ntchito imene ikumudikira kusikimu. Kalaliki anali mlendo, wa mawu akulu, woitana dzina lililonse ngati akuitana ng'ombe yotayika.

"Happiness Chimenya!"

Amayi a pamjigo anasiya kulankhula. Anthu onse pansi pa mitengoyo anali atawerenga dzina limenelo pamwala masabata ochepa apitawo, ndipo ena anatembenukira kunjira ngati kuti mwina atulukira, atavala diresi lake la kusukulu, atanyamula shuga.

Eluby anamva dzinalo likudutsa pamwamba pa mitu ya anthu. Chimwalirire mng'ono wake, aka kanali koyamba kulimva likuitanidwa mokweza, ngati la munthu amene akuyembekezeka kuyankha. A Eliya sankalitchula, ana sankalidziwa, ndipo iye mwini, yekhayo amene ankalikuwa pageti, analeka mwini dzina akadali moyo, akufunsa za mpunga. Misozi imene inabwerera tsiku la maliro inabwera yonse pamodzi, pamzere wa feteleza, dzuwa lili pamutu.

"Happiness Chimenya! Palibe? Tidumphe?"

Masiku onse ankadzuka mochedwa, akung'ung'udza. Tsiku limenelo anadzuka msanga, chitenje chikugwa kumutu, anakweza dzanja kuti asamudumphe.

"Alipo," anatero. "Hape alipo."